Kamera kunkhondo: zimene wojambula amakumana nazo ndi zimene amasiyira eni dera

Kumapeto kwa Januwale 2025, mzinda wa Goma ku DRC utagwa m'manja mwa zigawenga za M23, mafoni a anthu kuno ku Mchinji anadzaza ndi timavidiyo. Asilikali athu atatu anali atafa pa nkhondo imeneyo, choncho aliyense ankafuna kuona ndi maso. Pa Kamwendo, pa Boma, pa masiteji a kabaza, anthu ankaunjikana pa foni imodzi n'kumatsutsana ngati kumeneko kunalidi ku Goma kapena anali kanema wakale wa dziko lina. Timavidiyoto tinali ta masekondi ochepa, togwedezeka, topanda mutu kapena mchira. Munkaona utsi ndi anthu akuthawa ndi mitolo pamutu, koma chomwe chachitika, kwa yani, ndi chifukwa chake, munalibe.

Zimenezo zimayankhidwa ndi filimu yofotokoza zochitika zenizeni, ija imatsatira anthu omwewo kwa miyezi kapena zaka mpaka woonera atamvetsa. Ine ntchito yanga ndi yojambula maukwati, zinkhoswe ndi makwaya, ndipo anyamata amene ndimawaphunzitsa kugwira kamera amakonda kufunsa za anzathu ojambula kunkhondo. Funso lawo loyamba limakhala ili: saopa chipolopolo? Amaopa, ndipo ambiri afa. Koma ndikamatsatira mbiri ya mafilimu amenewa, ndimaona kuti mtengo waukulu nthawi zambiri umagwera anthu amene mayina awo sapita pa chikwangwani: dalaivala, womasulira, ndi mayi amene anavomera kulankhula nkhope ili poyera.

Wokulowetsa ndiye amakusankhira choona

Mavuto amayamba kamera isanatuluke m'chikwama. Dera la nkhondo lili ndi eni ake, ndipo eni akewo ali ndi mfuti. Munthu salowa popanda wina womuloleza, ndipo wololezayo sachita zimenezo mwaulere. Njira yodziwika kwambiri ndiyo kuyenda limodzi ndi asilikali a mbali imodzi, kudya nawo, kugona nawo, kukwera galimoto zawo. America polowa mu Iraq mu 2003 inatenga atolankhani mazanamazana mwa njira imeneyi. Ubwino wake ndi woonekeratu: umafika pamene sukanafika wekha, ndipo ukavulala pali wokunyamula. Koma umasayina malamulo a zimene sungajambule, umapita kumene galimotoyo yapita, ndipo mudzi umene asilikaliwo auwombera umauonera patali, kuchokera kumbuyo kwa mfuti. Palinso china chimene palibe pepala lochiletsa. Munthu amene wakugawira madzi ake ndi kukugwetsa pansi bomba likubwera, sichapafupi kudzamuonetsa akuchita choipa. Tim Hetherington ndi Sebastian Junger, amene anakhala ndi gulu limodzi la asilikali a America m'chigwa cha Korengal ku Afghanistan mu 2007 ndi 2008, sanabise kuti filimu yawo ndi ya asilikaliwo basi. Chilungamo chotere ndimachilemekeza. Choopsa ndi pamene filimu ya mbali imodzi ikugulitsidwa ngati nkhondo yonse.

Ukasankha kulowera mbali ya zigawenga, vuto ndi lomwelo, kungoti tsopano boma limakuona ngati mnzawo wa adani. Ukasankha kuyenda wekha, mbali zonse ziwiri zimakuyesa kazitape. Sorious Samura wa ku Sierra Leone anajambula nkhondo ya mumzinda wa Freetown mu Januwale 1999, ndipo zithunzi zake zinaonetsa nkhanza za zigawenga komanso za asilikali a ECOMOG, ochokera m'mayiko a kumadzulo kwa Africa, amene anabwera kudzateteza anthu. Chaka chotsatira, mu Ogasiti 2000, iye ndi anzake atatu anamangidwa ku Liberia ndi boma la Charles Taylor powaganizira ukazitape, ngakhale analowa m'dzikomo kudzajambula filimu ya wailesi ya kanema ya Channel 4. Anatulutsidwa patapita pafupifupi sabata, mayiko ena atalowererapo.

Ndipo tisaganize kuti izi ndi za kutali. Nkhondo ya ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, inayamba mu Okutobala 2017 ku Mocímboa da Praia, ndipo kwa zaka zingapo boma linkaletsa atolankhani kufika kumeneko. Amade Abubacar, mtolankhani wa wailesi yakumudzi, anagwidwa ku Macomia mu Januwale 2019 akujambula mabanja othawa nkhondo, ndipo anakhala m'ndende miyezi yoposa itatu. Ibraimo Mbaruco, wa wailesi yakumudzi ku Palma, anatumizira mnzake uthenga pa 7 Epulo 2020 woti asilikali amuzungulira. Sanaonekenso. Awiriwa sanali alendo ochokera ku London. Anali anthu ngati anzathu a pa Mudziwathu, ogwira ntchito pa wailesi ya dera lawo, odziwika kwa aliyense pamsika.

Nthawi zina nkhondo ndiyo imakupeza. Gulu lina la ojambula linapita ku nkhalango ya Virunga ku DRC mu 2012 kukajambula ntchito ya alonda oteteza nyama, ngati mmene wina angapitire ku Kasungu kukajambula njovu. Ali komweko M23 inayamba kuukira, ndipo filimu ya nyama inasanduka ya nkhondo, mapulani onse atasokonekera.

Thupi

Pa pepala wojambula ndi wotetezedwa. Ndime 79 ya pangano loyamba lowonjezera pa malamulo a ku Geneva, la mu 1977, imati mtolankhani amene ali kunkhondo aonedwe ngati munthu wamba, ndipo khonsolo yoona zachitetezo ku United Nations inabwereza zomwezo mu 2006. Koma bungwe la Committee to Protect Journalists linawerenga atolankhani ndi othandizira awo osachepera 124 amene anaphedwa mu 2024, chiwerengero chimene panthawiyo chinali chachikulu kuposa cha chaka china chilichonse chiyambireni kuwerenga, ndipo ambiri anali Apalestina a ku Gaza. Kumeneko Israel inatseka khomo kwa atolankhani akunja ofuna kulowa paokha, choncho ojambula anali eni mudzi, akujambula nyumba zawo zomwe.

Wojambula filimu ali pangozi kuposa wolemba nkhani pa chifukwa chimodzi chosavuta kumva. Wolemba angathe kubisala n'kudzafunsa pambuyo pake. Wojambula ayenera kuyima pamene chinthucho chikuonekera, diso limodzi lili pa kamera, makutu ali ndi mahedifoni. Amene anajambulapo ukwati akudziwa kuti ukamatsatira mkwatibwi suona dzenje lili pambali pako. Kamera yaikulu ya paphewa imafanananso ndi chida ukaionera patali. Mazen Dana wa Reuters anawomberedwa ndi asilikali a America pafupi ndi ndende ya Abu Ghraib ku Iraq mu Ogasiti 2003, ndipo iwo anati anaiyesa mfuti yoponya mabomba. Mohamed Amin wa ku Kenya, amene zithunzi zake za njala ya ku Ethiopia mu 1984 zinagwedeza dziko, anaduka mkono mu 1991 ku Addis Ababa nkhokwe ya zida itaphulika, ndipo mnzake wojambula mawu, John Mathai, anafera pomwepo.

Imfa ya Hetherington ndi imene inasintha kaganizidwe ka ambiri pa ntchitoyi. Pa 20 Epulo 2011 ku Misrata ku Libya, chitsulo cha bomba chinamudula mtsempha waukulu wa m'ntchafu. Bala lotere limamaliza munthu m'mphindi zochepa ngati palibe wopanikiza pamalopo mwamphamvu, ndipo iye anatha magazi asanafike kuchipatala. Junger anayambitsa pambuyo pake maphunziro ophunzitsa ojambula oyima paokha kuletsa magazi ndi kunyamula mnzawo wovulala. Masiku ano wojambula wodziwa ntchito amanyamula lamba womangira mwendo kapena mkono pamalo ofikirika ndi dzanja lililonse, osati pansi pa chikwama, ndipo amalemba gulu la magazi ake pa chovala.

Zonsezi ndi ndalama. Chovala choteteza ku zipolopolo, chisoti, maphunziro, inshuwalansi imene imakwera mtengo dzina la dziko likangotchulidwa, galimoto ndi mafuta ogula pamtengo wa nkhondo. Makampani akuluakulu amalipirira antchito awo. Koma mafilimu ambiri otere amajambulidwa ndi anthu oyima paokha, amene amapita ndi ndalama zobwereka poyembekeza kudzagulitsa akabwerako. Bungwe la Rory Peck Trust linakhazikitsidwa mu 1995 kuti lithandize anthu ngati amenewa, potengera dzina la wojambula amene anaphedwa ku Moscow mu 1993. Woyima payekha amakakamizika kuyandikira kwambiri, chifukwa chithunzi chakutali palibe wochigula.

Batire, memore ndi rodibuloko

Apa ndi pamene ine ndimamva kuti ndikuwamvetsa anzathuwa, chifukwa nkhawa ya batire ndimaidziwa. Kusiyana kwake n'kwakuti ine magetsi akazima ndimapita kwa mnzanga wa sola. Mumzinda wozingidwa mulibe magetsi kwa milungu, mafuta a jenereta ndi a chipatala, ndipo mphindi iliyonse yojambula ndi mphindi yochotsedwa pa mawa. Mstyslav Chernov ndi anzake awiri a Associated Press, amene anatsala mu Mariupol ku Ukraine kuyambira pa 24 Febuluwale 2022, ankatchaja mabatire pa jenereta ya chipatala madokotala atawaloleza. Netiweki inkapezeka pa malo amodzi mumzinda wonse, ndipo ankaduladula kanema m'tizidutswa kuti atumizike. Pa maola pafupifupi 30 amene anajambula, zimene anakwanitsa kutumiza ali mkati sizinakwane ngakhale ola limodzi. Zotsalazo zinayenera kutuluka pamsewu. Pa 15 Malichi anadutsa marodibuloko 15 a asilikali a Russia m'galimoto ya banja lina, zosungiramo kanema atazibisa pansi pa mipando.

Taganizirani za rodibuloko yoteroyo. Msilikali watopa, mwina waledzera, mwina ndi mwana wa zaka 16. Wakuuzani kuti mutsike, watenga kamera, akufuna muyatse aone. Ojambula ena amasiya mu kamera memore yokhala ndi zithunzi zopanda vuto, za msewu ndi mitengo, yeniyeniyo ili mu sokosi kapena m'mphepete mwa lamba. Amakopera zonse pa malo awiri kapena atatu, n'kupatsa anthu osiyana oyenda njira zosiyana. Koma chilichonse chobisidwa chikapezeka chimasanduka umboni wa ukazitape, ndipo woyamba kumenyedwa amakhala dalaivala, chifukwa ndiye amamva chilankhulo ndipo alibe kazembe womufunsira.

Foni nayo ndi mdani. Imaulula pamene muli, ndipo chithunzi chimasunga mkati mwake nthawi ndi malo amene chinajambulidwira. Droni, imene ife tinaizolowera ngati chida chothandiza kuyambira pamene UNICEF ndi boma anatsegula malo oyeserera ku Kasungu mu 2017, kunkhondo ndi phokoso la imfa. Ukaiulutsa anthu amathawa, ndipo asilikali amasaka amene akuiwongolera.

Nkhope

Nkhani imene ndikufuna tiikhalire pansi ndi iyi. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Wojambula wochokera kunja amakhala milungu itatu kapena miyezi isanu, kenako amakwera ndege. Amene anamutsogolera njira, kumupezera anthu olankhula nawo, kumumasulirira ndi kumuuza msewu umene uli ndi mabomba okwirira, amatsala. Popanda munthu ameneyu palibe filimu. Iye ndiye amadziwa mfumu yoyamba kuipatsa moni, mkulu wa asilikali amene amamva zonena, ndi nthawi yoyenera kubisa kamera. Mu 2007 ku Afghanistan, a Taliban anagwira mtolankhani wa ku Italy, Daniele Mastrogiacomo, pamodzi ndi dalaivala wake Sayed Agha ndi womasulira wake Ajmal Naqshbandi. Dalaivala anaphedwa. Mtaliyana anamasulidwa posinthana ndi akaidi a Taliban. Naqshbandi anatsala m'manja mwawo, ndipo anamupha milungu ingapo pambuyo pake. Anthu atatu pa ulendo umodzi, wobwerera kwawo ndi mmodzi.

Kenako pali amene alankhula pa kamera. Ojambula amafunsa chilolezo, ena amasayinitsa pepala. Koma kodi "inde" wa munthu amene nyumba yake yapsa dzulo ndi wolemera bwanji? Mayi ali pamzere wolandira ufa, akuona mzungu ali ndi kamera atatsika m'galimoto yofanana ndi ya obweretsa chakudya. Akafunsidwa kuti, "Amayi, tingakujambuleni?" iye akuganiza kuti akakana dzina lake lichoka pa mndandanda. Komanso sangadziwe kumene kanemayo adzafike. Kale filimu inkaonetsedwa ku Europe n'kuthera komweko. Lero wina amadula masekondi 20, n'kuika pa TikTok kapena WhatsApp, ndipo mawa lake ili m'foni ya munthu yemwe anawotcha nyumba ija.

Izi zachitikadi. Mu Okutobala 2011 wojambula wa ku Britain, Sean McAllister, anamangidwa ku Syria, ndipo apolisi analanda laputopu ndi foni zake muli nkhope ndi mawu a anthu otsutsa boma amene analankhula naye mobisa. Iye anamasulidwa. Ena mwa anthuwo anathawa m'dziko. Mu 2024 nyuzipepala ya The Washington Post inalemba za filimu ina ya mu 2022 yonena za miyezi yomaliza ya asilikali a America ku Afghanistan. Filimuyo inaonetsa pafupi nkhope za Aafghani amene ankachotsa mabomba okwirira pothandiza asilikaliwo. Malinga ndi nyuzipepalayo, kachidutswa kake kanafalikira pa TikTok, a Taliban anagwira mmodzi mwa anyamatawo n'kumuzunza, ndipo anamwalira. Filimuyo inachotsedwa pa malo oonetsera, koma zinali zitachitika kale.

N'chifukwa chiyani osangobisa nkhope zonse? Chifukwa mphamvu ya filimu ili pa nkhope. Woonera amakhulupirira maso a munthu, milomo ikunjenjemera, kameza mate asanayankhe. Ukaphimba nkhope ndi kusintha mawu, woonera amatalikira, ndipo otsutsa amati ndi sewero. Ngakhale nkhope zili poyera amatero ndithu. Chipatala cha amayi oyembekezera chitaphulitsidwa ku Mariupol pa 9 Malichi 2022, akuluakulu a Russia anati zithunzizo n'zopeka ndipo amayiwo ndi ochita zisudzo. Ndiye wojambula ali pakati: akabisa, umboni umafooka, akaonetsa, mboni ili pangozi. Maganizo anga ndi akuti pakakhala chikayiko, mboni ndiyo iyenera kupambana, ngakhale filimu ichepe mphamvu. Kubisa kwake kusakhalenso kwa nkhope yokha. M'mudzi munthu amadziwika ndi mawu, chitenje, kayendedwe, mtengo wa mango uli kuseri kwa nyumba. Aliyense wa kwa Mkanda angazindikire mnansi wake atamuonera kumsana.

Akaidi a nkhondo ali ndi lamulo lawolawo. Pangano lachitatu la ku Geneva limaletsa kuwaonetsa kwa anthu ngati chionetsero. Asilikali akakuitanira kuti, "Bwerani mujambule amene tawagwira," mkaidiyo sangakane, ndipo zimene anene ndi zimene omugwirawo akufuna. Kamera imathanso kusintha khalidwe la onyamula mfuti. Ena amawombera kuti aoneke, ena amamenya mkaidi chifukwa pali woonera. Wojambula ayenera kudzifunsa ngati chinthucho chikanachitika iye kulibe, ndipo nthawi zina yankho lake ndi kuzimitsa kamera.

Funso la anyamata anga lachiwiri limakhala lakuti, munthu akuvulala pamaso pako, umajambula kapena umathandiza? Palibe lamulo limodzi. Ngati pali dokotala kale, kujambula ndiko kuthandiza kwako, ndipo madokotala a ku Mariupol ankachita kuwauza ojambula aja kuti ajambule dziko lione. Ngati uli wekha ndipo dzanja lako lingaletse magazi, kamera iikidwe pansi. Zovuta ndi zapakatikati, pamene kulowererapo kungakuphetse osapulumutsa aliyense, ndipo zimenezo ndi zimene zimawatsata anthuwa mpaka ku tulo. Kafukufuku wa dokotala Anthony Feinstein, wofalitsidwa mu 2002, anapeza kuti mwa atolankhani a kunkhondo 140, oposa mmodzi mwa anayi alionse anadwalapo nthenda ya maganizo yobwera ndi zoopsa zimene munthu waona.

Pa tebulo lodulira

Akabwerako ntchito imakhala itangoyamba. Waad al-Kateab anatuluka mu Aleppo ku Syria ndi maola pafupifupi 500 a kanema, ndipo filimu yake ya mu 2019 sinafike maola awiri. Chilichonse chosiyidwa ndi chisankho. Nkhondo yeniyeni nthawi zambiri ndi kudikira, kusaka madzi, kuphika, ana kusewera m'mabwinja. Wogula filimu amafuna kuphulika. Wodula akatsatira wogula, anthu a dera lonse amasanduka mitembo ndi olira basi, opanda mayina, opanda nthabwala, opanda maganizo awo pa chimene chinayambitsa nkhondoyo. Ife a ku Africa taonetsedwa motero kwa nthawi yaitali, ndipo zimandipweteka.

Pamenepa pamafunikanso kusamala ndi choona. Phokoso la bomba lojambulidwa Lachiwiri likaikidwa pa chithunzi cha Lachisanu, kapena mawu a womasulira akakometsedwa, wotsutsa akazindikira chimodzi chokha amataya filimu yonse, pamodzi ndi umboni wa anthu amene anaika moyo pachiswe. Ndipo wodula, amene mwina sanapondeko kunkhondo, amaonera mwana yemweyo akufa kakhumi, kazana, pofuna malo oyenera kudula. Naye amavulala mumtima.

Nkhondo imene inadutsa pakhomo pathu

Zonsezi zikutikhudza chifukwa ife tinakhalapo m'mphepete mwa nkhondo. Ya Frelimo ndi Renamo ku Mozambique inayamba mu 1977 n'kutha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Pofika nthawi imeneyo Malawi inali ndi othawa kwawo oposa miliyoni imodzi, pamene eni dziko tinali osakwana 10 miliyoni. Mchinji inali m'gulu la maboma amene anawalandira, pamodzi ndi Dedza, Ntcheu, Mwanza, Nsanje ndi ena. Ambiri ochokera m'chigawo cha Tete ankalankhula chilankhulo chathu chomwechi, ndipo m'chigawo chapakati ambiri anakhala m'midzi pakati pa abale, osati m'misasa. Asilikali athu ankalondera njanji ya ku Nacala. Koma Malawi inalibe wailesi ya kanema mpaka 1999, ndipo pansi pa ulamuliro wa Kamuzu, ndi lamulo lounika mafilimu ndi mabuku la mu 1968, munthu wamba sakanayenda ndi kamera m'malire n'kumafunsa mafunso. Ku Mozambique boma linali ndi kanema wa nkhani wotchedwa Kuxa Kanema, amene ankayenda naye m'midzi pa galimoto, koma anali mawu a boma la Frelimo, ndipo nyumba ya bungwe lopanga mafilimulo inapsa mu 1991.

Umboni umene unamveka kwambiri kunja pa nkhondo imeneyo sunachokere mu kamera. Mu 1988 Robert Gersony anapereka lipoti ku boma la America atacheza ndi othawa nkhondo pafupifupi 200, ena mwa iwo kuno ku Malawi, ndipo anayerekeza kuti Renamo inapha anthu wamba okwana 100,000. Anacheza nawo mmodzimmodzi, ndipo mayina awo sanawalembe mu lipotilo. Anthu analankhula chifukwa panalibe chowaloza.

Tsopano makamera ali m'thumba la aliyense, ndipo amene anawoloka malire ali anyamata ndi atsikana mu 1987 akuyandikira zaka 60 kapena kupitirira. Ena anabwerera kwawo, ena anakwatiwa kuno n'kukhazikika. Ndikufunitsitsa kuti achinyamata a ku Mchinji ajambule nkhani zawo anthuwa akadali moyo, ndi za asilikali athu amene anabwerako ku Beni ku DRC, kumene anzawo asanu ndi mmodzi anafa mu Novembala 2018, ndi za anthu oposa 50,000 amene ali ku Dzaleka. Mfuti kulibe, batire litchajidwa, rodibuloko ya pamsewu wa ku Lilongwe siilanda memore. Koma vuto la nkhope lilipobe lonse. Mozambique inakhululukira onse ochita nkhondo ndi lamulo la mu 1992, popanda bwalo lofufuza amene anachita chiyani, choncho wopha ndi wophedwera m'bale amalima minda yoyandikana mpaka lero. Ndipo nkhondo ija inabukanso: mu 2015 ndi 2016 anthu masauzande anathawanso ku Tete kufika pa Kapise ku Mwanza. Agogo akatchula dzina la amene anawotcha mudzi wawo, kanemayo adzawoloka malire pa foni tsiku lomwelo, ndipo kumeneko kuli adzukulu a mbali zonse ziwiri.

Anyamata anga ndimawauza kuti ayambire kwa mfumu, koma asatenge chilolezo cha mfumu ngati cha agogowo. Ulendo woyamba apite opanda kamera. Akhale pamphasa, afotokoze kuti iwo si a bungwe, palibe ufa kapena ndalama imene ibwere, ndipo kukana sikuchotsa munthu pa mndandanda uliwonse. Awaonetse pa foni mmene kanema amayendera kuchoka kwa munthu mmodzi kufika kwa anthu osawadziwa, kenako afunse momveka: "Agogo, kodi abale anu a kutsidya akaona zimenezi, zikhala bwino?" Pocheza pasakhale khamu la ana ndi anansi pawindo, ndipo ngati ndi mayi wofotokoza zimene asilikali anamuchita, wofunsa akhale mkazi mnzake. Akalira, wojambula asayandikize kamera. Afunse ngati apitirize. Akamaliza kudula, abwererenso ndi laputopu, agogowo aone gawo lawo lonse asanaone wina aliyense, ndipo chimene akana chichotsedwe mu filimu komanso mu memore. Zotsalazo zisungidwe pa malo awiri, zokhoma ndi nambala yachinsinsi, osati mu foni imene imabwerekedwa kapena kusiyidwa potchajitsa pamsika.